Chala cha Mkamwini

Aliyense m'mudzi uja wa kwa Nkhulambe ankadziwa kuti buku la komiti ya mitengo linkayenda maulendo ambiri kuposa ntchito yake. M'mawa lili kwa Selestina, mlembi wa komitiyo. Masana lapita kupulaimale, kumene ophunzira asanu ndi mmodzi a ku yunivesite ankagona m'kalasi. Dzuwa likamapendeka labwereranso. Amayi a m'komiti ankangotsinana n'kumasekera m'zitenje. Ambiri a iwo sanapite patali ndi sukulu, koma ankadziwa ndithu kuti mbande za mitengo sizifuna lipoti kawiri pa tsiku.

Zoona zake n'zakuti pakati pa bukulo pankagona kapepala. Ka Lachinayi lija kanali ndi mawu awa:

"Sele, zonse zatheka. Malo a nazale apezeka, ndipo ndachita mwaulemu wonse monga unandilangizira. Ukamva udzandinyadira. Lamlungu ndine wokonzeka kukaonekera kwa amalume ako. Shati ndasita kale ndi nsimbi ya ahedi, ndaipachika pamwamba pa bolodi kuti anzangawa asaikhalire. Wako yekha, Chawezi."

Selestina anakawerenga katatu ali chiimire kuseri kwa nkhokwe, kenako anakamanga pamsonga pa chitenje. Ankamwetulira yekha, nkhuku zikumuyang'ana.

Chawezi Mhango anali mnyamata wa ku Rumphi, wamtali, wolankhula Chichewa pang'onopang'ono ngati akuopa kuchithyola. Yunivesite yawo inali ndi lamulo loti wophunzira asanalandire digiri azikakhala kumudzi pa tchuthi, n'kugwira ntchito limodzi ndi anthu pa vuto limene eni mudziwo asankha okha. Malikisi ankachokera kuwiri, kwa aphunzitsi ndi kwa komiti ya mudzi. Anthu a kuno sanachedwe kusankha. Chidutsireni napolo mu 1991, mtsinje wotsika kuphiri unali utazolowera kudya minda, ndipo dzinja lililonse unkaluma malo atsopano. Anagwirizana zodzala mitengo ndi udzu wa vetiva m'gombe monse. Chaka chino cha 1999 kanali kachiwiri ophunzirawo kubwera. Chikondi cha awiriwa chinamera pa ulendo woyamba, tsiku limene Chawezi anaterereka n'kugwera mumtsinje ndi tepi yake yoyezera, Selestina n'kumuvuula akufa nacho chiseko.

Chotsala chinali chimodzi. Amalume a Selestina, a Dyson, omwe anali mwinimbumba, ankayenera kumuona mnyamatayo ndi kumuvomera. Popanda iwo panalibe banja. Tsiku linali litaikidwa kale: Lamlungu, anthu akatuluka m'tchalitchi.

*

Masana a tsiku lomwelo Selestina anapita kumsika kukagula mchere. Akanakonda kulambalala, koma sikelo ya Goodman inali pakhomo penipeni pa msika. Goodman ankagula nandolo kwa alimi n'kumakagulitsa ku Limbe. Anali ndi njinga ziwiri, wailesi ya makaseti, ndi makutu amene anakana kumva kuti Selestina anamukana kale katatu.

"Mayi a ku yunivesite!" anakuwa motero akutsitsa thumba pasikelo. "Bwanji mukudutsa ngati simukutidziwa? Ndimati ndikuyamikireni."

"Pa chiyani, a Goodman?"

"Pa mtima wanu wopatsa. Si aliyense angapereke dimba la malemu amayi ake kwa alendo zaka zisanu zathunthu."

Selestina anaima. "Dimba lake liti?"

Goodman anachita ngati wadzidzimuka, koma mano onse anali pamtunda. "Aa, kodi simukudziwa? Ndiye ndalankhula msanga, pepani. Dzulo bwenzi lanulo linabwera pano kudzabwereka inki yanga yodindira malisiti. Ndinalitsatira, poti inki ndi yanga. Ndinaona ndi maso angawa bambo anu, a Makina, akudinda chala papepala. Dimba lonse, mpaka kumtsinje. Loweruka likawerengedwa pamsonkhano, pamaso pa aphunzitsi awo."

"Mukunama."

"Kaoneni chala cha bambo anu. Inki yanga sichoka msanga." Anatsitsa mawu n'kuyandikira. "Amalume anu ndawatsina kale khutu m'mawa, pamene amandikonzera tcheni cha njinga. Ine miseche sindiikonda, Selestina, koma mwana wa pano sakanachita zoterezi. Ife timadziwa khomo logogoda."

Selestina anatembenuka n'kulunjika kumtsinje, mchere osagula.

*

Dimbalo linali kumunsi kwa mudzi, pamene mtsinje umakhota. Amayi ake anamusiyira pomwalira zaka ziwiri zapitazo, monga nawonso anasiyiridwa ndi amayi awo. Munali nthochi, nzimbe, tomato ndi mizere ya mpiru, ndipo pakona panali mtengo wa mapeyala umene malemuwo anadzala chaka chimene Selestina anabadwa. Akapukwa amayi ake, sankapita kumanda. Ankabwera kuno.

Lero anapeza zikhomo zitakhomedwa paliponse, chingwe cha buluu chikudutsa pakati pa mpiru. Chawezi anali atapinda thalauzi mpaka m'mawondo, akuimba mluzu.

"Sele! Wabwera bwino. Taona, apa ndi pamene tiike machubu onse a mbande. Madzi ali pafupi, mthunzi ulipo, mbuzi sizifika."

"Ndani wakupatsani malo ano?"

"Bambo ako. Ndinapita ndekha, ndinavula chipewa, ndinakhala pansi. Ndinawafotokozera zonse ndipo anavomera. Ndimafuna ndikudabwitse."

"Mwandidabwitsadi."

Mluzu unathera pomwepo. Chawezi anayang'ana nkhope ya mtsikanayo n'kuona kuti zinthu sizili bwino, koma sanadziwe kuti zalakwikira pati.

"A Chawezi, bambo anga pano alibe ngakhale phava limodzi la nthochi," anatero Selestina. "Iwo ndi mkamwini. Kwawo ndi ku Mkhumba, kuno anabwera kudzakwatira amayi anga. Munda uliwonse umene alima zaka zonsezi ndi wa akazi a mtundu wathu. Dimba lino linali la agogo, linapita kwa amayi, tsopano ndi langa. Woliyang'anira ndi amalume."

Chawezi anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akuyesa kuti akumuchita nthabwala. "Zachikamwini ndinazimvapo m'kalasi, Sele, koma ndimayesa ndi zakale, za m'mabuku. Bambo wamkulu ngati uja, wa imvi, asakhale ndi mawu pa munda umene amalima yekha? Kwathu angaseke nazo ndi ana omwe."

Mawu amenewo akanawameza zikanamukhalira bwino. Selestina anapsa mtima.

"Kwanu aseke. Kuno ndi kuno. Mwayenda nyumba mazana awiri ndi mapepala anu a mafunso, ine ndikukunyamulirani chikwama. Mwafunsa kuti timadya kangati, chimbudzi chili kuti, nkhuku zilipo zingati. Koma funso limodzi lokha simunafunse, lakuti mundawu ndi wa yani. Mumangolemba dzina la bambo amene mwamupeza atakhala pampando."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndimayesa anthu a ku yunivesite mukudziwa."

Selestina sankafuna kulira pamaso pake. Anawerama n'kuzula chikhomo chimodzi, nachiika m'manja mwa mnyamatayo.

"Zulani zikhomo zanu mu mpiru wa amayi anga."

*

Selestina anawapeza a Makina kuseri kwa nyumba, atakhala pa mtondo wogoneka, akukwecha chala chachikulu ndi phulusa ndi mchenga. Anali munthu wamfupi, wofatsa, woluka malichero, amene mawu ake ambiri m'mudzimo anali akuti "zikomo" ndi "chabwino". Chalacho chinali chitafiira ndi kukwecha, koma inki inalipobe.

"Bambo, munachitiranji zimenezi?"

A Makina anayankha osadzutsa mutu. "Mwanawe, ndikudziwa kuti ndalakwa. Ndinadziwa chala chisanafike papepala."

"Nanga bwanji munadinda?"

"Mnyamata uja anabwera n'kukhala pansi pafumbi, ine pampando. Anati, 'Bambo, inu monga mwini malo, tabwera kudzapempha.' Mwini malo, Sele." Anabwereza mawuwo pang'onopang'ono, ngati munthu amene akunyambita shuga. "Pamudzi pano ndakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ndakumba zitsime, ndakumba manda, ndafolera nyumba za alamu anga onse. Palibe anandifunsapo ngakhale za pamene tidzale maungu. Ndiye pakamwa panangoti inde, mutu usanaganize."

Ukali wonse umene Selestina anabwera nawo unamuthawa. M'malo mwake munalowa chisoni cholemera, chifukwa anazindikira kuti ngakhale iye, mwana wawo, anali asanawafunsepo kanthu za dimbalo.

"A Dyson atuma mawu," anapitiriza a Makina. "Akuti ngati ndalakalaka umwini, ndikaulawe kwathu ku Mkhumba. Akuti anachedwa kundisudzula."

Mkazi akamwalira, mkamwini amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Pa maliro a amayi ake Selestina anagwada pamaso pa amalume kupempha kuti bambo ake atsale, ndipo analoledwa. Ku Mkhumba kunalibe wowadikira. Alongo awo onse anatha, kunangotsala adzukulu amene sankawadziwa ngakhale nkhope.

Selestina analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ndimu. Anaidula pakati, anagwada, nayamba kupukuta chala cha bambo ake mosamala.

*

A Dyson ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Sanali munthu waukali, ndipo palibe anawamvapo akukuwa. Vuto lawo linali kuseka. Akaseka pang'ono, nkhani inali yaing'ono. Akaseka mpaka kupukuta misozi, anthu ankadziwa kuti wina zake zada. M'mawa wa Lachisanu uja Selestina anawapeza akupukuta misozi.

"He he, a yunivesite aja!" anatero akuzungulitsa gudumu. "Mtsinje amauyeza ndi tepi, phiri amalijambula papepala, koma khomo la mwinimbumba lawasowa. Chonsecho lili pamsewu, chikwangwani chilipo, pajambulidwa ndi njinga yomwe."

"Sanachite dala, amalume. Kwawo munda ndi wa bambo."

"Ndikudziwa. Sindikunena kuti ndi wakuba ayi." Anaimitsa gudumulo ndi chikhatho, kuseka n'kutha. "Koma tamvera, mwana wa mlongo wanga. Pepala ndi chinthu choopsa. Ine ndidzafa, bambo ako adzafa, pepala lidzatsala mu ofesi likunena kuti mwini dimba lija anali Makina wa ku Mkhumba. Tsiku lina adzukulu awo adzabwera nalo m'manja. Iwe udzawayankha chiyani? Udzawaonetsa mtengo wa mapeyala?"

Selestina anayang'ana pansi.

"Komanso ndikufunse. Munthu amene sanakuone uli m'munda mwako, adzakuona uli m'nyumba mwake?"

Funso limenelo linamulasa, chifukwa ndi lomwe linamusowetsa mtendere chichokereni kudimba.

"Lamlungu asavutike kubwera," anamaliza a Dyson akutola sipanala. "Za bambo ako tikamba msonkhano ukatha mawa."

Selestina atafika kunyumba anapeza buku la komiti lili pakhonde. Kapepala ka m'kati kanali kafupi: "Sele, zikhomo ndazula. Mpiru umene ndinauponda ndauimitsa ndi kuuthirira. Mawu anga aja andichititsa manyazi. Ndiuze chochita." Selestina anakatembenuza n'kulemba kumbuyo kwake kuti, "Kufunsa mumadziwa. Pitani mukafunse eni ake." Sanalembe kuti "wako". Cholembera chinafuna, iye anachiletsa.

Masana amenewo anthu anaona zachilendo pamjigo. Wamtali uja anali atakhala pansi pakati pa zidebe, wopanda pepala, wopanda cholembera. Amayi anamuzinga, ndipo a Alesi, wapampando wa komiti ya mitengo, ankaloza minda ya m'gombe umodziumodzi akutchula mwini wake, amayi ake a mwini wakeyo, ndi agogo ake. Ankamuseka kwambiri. Iye ankangogwedeza mutu n'kufunsanso.

*

Loweruka mudzi wonse unasonkhana pabwalo la sukulu. Aphunzitsi a ophunzirawo, a Dokotala Belita Sambani, anafika pagalimoto yodzaza fumbi, atanyamulanso makalata a ophunzirawo amene anaunjikana kukoleji. Chawezi analandira yake n'kuilowetsa m'thumba osaitsegula. Maganizo ake anali kwina.

Goodman anakhala kutsogolo, atavala magalasi akuda ngakhale panali pamthunzi. A Dyson anakhala pabenchi akuseweretsa sipoko ya njinga. A Makina anakhala kumbuyo kwenikweni, padzuwa, dzanja lamanja lili m'thumba.

Itakwana nthawi yowerenga pepala la malo a nazale, Chawezi anaimirira nalo, koma sanaliwerenge.

"Amayi ndi abambo, pepala ili ndi lopanda ntchito, ndipo wolakwa ndine," anatero. "Ndinagogoda khomo lolakwika. A Makina sanapereke dimba la munthu. Anangochitira ulemu mlendo wosadziwa kanthu, kuti asabwerere ndi manyazi. Ngati pali woyenera kuchoka pamudzi pano chifukwa cha pepalali, ndi amene analilemba."

Anayenda mpaka pabenchi n'kulipereka kwa a Dyson ndi manja awiri. Kenako anatembenukira kwa aphunzitsi ake.

"Madamu, vuto si pepala ili lokha. Lipoti lathu lonse ndi lolakwika kuyambira tsamba loyamba, ndipo mafunsowo ndinalemba ndine. Minda yonse ya m'gombe tailemba m'maina a abambo, pamene eni ake ndi amayi. Mbande tikanagawira anthu amene alibe podzala. Ndikupempha kuti mulibweze. Anzangawa apite kwawo, ine nditsale ndiyambirenso nyumba ndi nyumba."

A Dokotala anavula magalasi. "Mhango, ukudziwa kuti zikatero digiri yako idikira mpaka chaka chamawa?"

"Ndikudziwa, madamu."

"Nanga a komiti mukuti bwanji? Theka la malikisi lili m'manja mwanu."

A Alesi anaimirira akumanga chitenje. "Ife malikisi athu tiyamba kuwerenga lero. Zam'mbuyomu anali kungoyenda."

Anthu anaseka, ndipo Chawezi anadikira kuti chiseko chithe. Kenako anadutsa pakati pa bwalo kupita kumphasa za amayi, nanjuta pamaso pa Selestina, mawondo ake aataliwo atafika m'makutu.

"Mayi mwini dimba," anatero, "ife ana a sukulu, pamodzi ndi komiti, tikupempha malo oti tiikepo mbande. Mukakana, tikafuna kwina, ndipo sitidandaula."

Selestina anamusiya anjute pang'ono. Anali ndi ufulu wotero. Anayang'ana kwa amalume ake. A Dyson anali akupukutira girisi wa m'manja mwawo papepala lija, mbali zonse ziwiri, mosafulumira.

"Kumunsi kwa nthochi kokha," anatero Selestina mokweza. "Mpiru wa amayi musaukhudze. Ndipo nazaleyo ndiziyang'anira ndine, mpaka mtengo womaliza utadzalidwa ndi kukula. Musade nkhawa kuti mbande zidzafa ndi ludzu ana a sukulu akapita. Ine pano sindichoka."

Nthungululu zinalira mpaka kuphiri. Chawezi anaomba nawo m'manja, nkhope yonse ili chimwemwe. Goodman anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya sikelo yokha, ndipo palibe anamuletsa.

A Dyson anatembenukira kumbuyo. "Alamu! Bwanji mukupsa ndi dzuwa kumeneko? Bwerani mukhale pano, benchi ndi yaikulu." A Makina anabwera akuyenda ngati mwana wa sitandade wani amene waitanidwa ndi ahedi, ndipo atakhala anatulutsa dzanja lija m'thumba. Kenako a Dyson analoza Chawezi ndi sipoko.

"Inu a yunivesite, ndamva kuti pali shati inasitidwa. Isapite pachabe."

*

Lamlungu shatiyo inafikadi, yoyera, mizere ya nsimbi ili chiimire. Koma mwini wake anafika nkhope ili yakugwa. Selestina anaganiza kuti ndi mantha chabe, ndipo pomupatsa thobwa anamunong'oneza kuti, "Musaope, lero akuseka pang'ono."

A Dyson anafunsa mafunso awo: dzina la bambo, mpingo, ngati amamwa, ngati pali mwana amene anamusiya kwinakwake. Chawezi anayankha zonse mwaulemu. Atamaliza, a Dyson anaimirira n'kutenga khasu limene linali litatsamira khoma.

"Tiyeni kuno nonse awiri."

Anawatsogolera kuseri kwa nyumba ya malemu amayi a Selestina, pamalo okwera pang'ono, pamene munthu ukaima umaona dimba lonse ndi mtsinje. Anatulutsa sipoko m'thumba la jekete n'kuizika pansi.

"Dzulo munandikhutiritsa, achimwene. Munthu wodziwa kunjuta pamaso pa mkazi, gulu likuona, ndi munthu. Ankhoswe anu abwere tidzamalize mwambo, koma ine ndavomera. Apa ndi pamene mumange. Khomo liyang'ane kudimba, kuti mkazi wanu aziona mbande zake ali pakhonde." Anamupatsa khasu lija. "Pamtundu pathu pano mkamwini amayamba yekha kukumba pamene padzakhale nyumba yake. Kamodzi kokha, tidziwe kuti mwalandira. Ine ndikaitane alamu ndi amayi adzaonerere."

Anapita akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Selestina anatsala akuyang'ana sipoko ija, maso atadzaza misozi ya chimwemwe. Nyumbayo anaiona kale m'maganizo, ndi makatani omwe. Atatembenuka anapeza kuti khasu lili m'munsi, likulendewera m'dzanja la Chawezi ngati chinthu chimene wangotola panjira.

"Kwezani khasu, a Chawezi. Kapena nalo mufuna muliyeze ndi tepi?"

Iye sanaseke. Anapisa dzanja m'thumba la shati n'kutulutsa kalata ija inabwera ndi galimoto.

"Ndi ya adada. Ndinaiwerenga dzulo msonkhano utatha. Yalembedwa m'Chitumbuka, ndikumasulira." Anaitambasula ndi dzanja limodzi. "Akuti, 'Mwana wanga, nkhani ya mtsikana wa ku Phalombe tailandira ndi manja awiri. Ng'ombe za malowolo tazipatula kale. Njerwa za nyumba yako taotcha, ndipo tikumanga pafupi ndi yanga. Ndiwe mwana wamwamuna mmodzi yekha, ndipo maso anga akutha. Bwera naye mkamwana wathu, mkazi wakoyo, kuno kwawo mvula isanagwe.'"

"Kwawo," anabwereza Selestina.

"Ndi mmene alembera."

"Ine dzulo ndinalonjeza pamaso pa mudzi wonse kuti pano sindichoka."

"Ndinamva, Sele. Ndinaomba nawo m'manja."

Kumunsi kuja mtengo wa mapeyala unkagwedezeka ndi mphepo. Selestina anaganiza za nkhalamba ya ku Rumphi imene sanaionepo, ikupapasa njerwa ndi manja poti maso akukana, ndipo anayesa kuikwiyira koma sanathe. Inafanana kwambiri ndi bambo ake.

"Lachinayi ndinakukalipirani kuti simunafunse kuti munda ndi wa yani," anatero motsitsa. "Ine ndayenda nanu matchuthi awiri, ndakulemberani timapepala tosawerengeka, koma sindinafunsepo kuti inuyo ndinu a yani."

Chawezi anatsegula pakamwa, koma nyimbo inali itayamba kale kumveka kuchokera kutsogolo kwa nyumba. Amayi ankabwera akuomba m'manja, a Alesi akutsogolera nyimbo. Patsogolo pa onse, kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, panali a Makina, atavala jekete lawo la ukwati, akumwetulira ngati mwana poti apeza mkamwini mnzawo.

"Aa, a yunivesite!" anakuwa a Dyson akuseka pang'ono. "Nanga khasu silinalirebe?"

Chawezi anaima pakati pa onsewo, khasu kudzanja lamanja, kalata kudzanja lamanzere. Anayang'ana Selestina kuti amuthandize, monga anachitira tsiku lija mumtsinje. Koma ulendo uno Selestina analibe dzanja lomuvuulira, chifukwa nayenso madzi anali atamufika m'khosi.